Njanji Imene Inalambalala Domasi

Ukaima pa Mishoni ya Domasi m'mamawa, umamva belu la tchalitchi ndi mkokomo wa mtsinje wa Domasi potsika m'phiri. Ukatsikira kumsewu waukulu umamva malole akubuula ndi katundu polowera ku Liwonde. Koma kulira kwa sitima ya pamtunda sungakumve. Padutsa zaka zoposa 110 chifikireni sitima yoyamba ku Blantyre, komabe chigwa cha Domasi, pamodzi ndi mzinda wa Zomba umene unali likulu la dziko lino kuyambira 1891 mpaka 1975, sichinalaweko njanji. Kodi njanji yathuyi ankayalira yani? Yankho lake lili m'mbiri, ndipo tsogolo la njanji lagona pa yankho lomwelo.

Mishoni ya Domasi inatsegulidwa m'chaka cha 1884 ndi amishoni a mpingo wa ku Scotland ochokera ku Blantyre, ndipo amene anatsogolera ntchitoyo pakati pa Ayao a m'dera la mfumu Malemia anali Alexander Hetherwick. Masiku amenewo katundu wochokera kunja, monga mabuku, mankhwala ndi nsalu, ankabwera pamadzi kudzera m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire. Akafika kumunsi kwa mathithi a Shire, sitima yake inali mutu wa munthu. Amtengatenga ankasenza katundu wolemera makilogalamu 25 kapena kuposa, kukwera naye zitunda mpaka ku Blantyre, kenaka ku Zomba ndi ku Domasi, azungu ali gone m'machila.

Chimene chinabweretsa njanji si chifundo pa anthu osenzawa ayi. Eni minda ikuluikulu a ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre ankadandaula kuti amuna onse amphamvu athera ku mtengatenga m'malo mogwira ntchito m'minda mwawo, komanso madzi a Shire ankaphwa chaka ndi chaka mwakuti sitima za pamadzi zinkatitimira mumchenga. Choncho kampani ya Shire Highlands Railway inayala njanji kuchokera ku Port Herald, kumene lero timati Nsanje, kudzera pa Chiromo, ndipo inafika ku Blantyre mu 1908. Njanjiyo inathera pomwepo, poti ndi pamene panathera zofuna za eni ake. Itabuka nkhondo ya 1914 mpaka 1918, zakudya ndi zida za asilikali zolowera kumpoto zinabwereranso pamutu pa munthu. Amuna pafupifupi 200,000 anagwidwa kukagwira mtengatenga, ambiri osabwerako, ndipo umodzi mwa misewu imene ankadzera ndi wa Zomba kupita ku Fort Johnston, umene umadutsa pakhomo pa Domasi.

Nkhondo itatha atsamunda analunjika maso ku doko la Beira. Njanji ya Trans-Zambezia inatsegulidwa mu 1922. Njanji imeneyi yonse inali m'dziko la Mozambique, koma amene anaimira chikole pa ngongole yake linali boma la Nyasaland. Mu 1935 anamaliza mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, wotalika makilomita oposa 3.5, ndipo chaka chomwecho njanji inafika ku Salima. Kuchokera ku Blantyre inadzera ku Lunzu ndi Lirangwe, n'kuwoloka Shire kulowera ku Balaka, phiri la Zomba italisiya kum'mawa. Domasi inatsala kuseri. Katswiri wa mbiri Leroy Vail analemba mu 1975 kuti ngongole za njanjizi ndi zina mwa zimene zinasaukitsa dziko lino, chifukwa ndalama zimene zikadamanga sukulu ndi zipatala zinkathera kubweza chiwongoladzanja. Ndalamazo zinkachokera kuti? Gawo lalikulu linali msonkho wa nyumba. Ndiye kuti mlimi wa kwa Malemia ankalipira nawo mlatho umene mwina sanauonepo mpaka kulowa m'manda. Nthambi imene inadzayandikira phiri la Zomba pambuyo pake ndi ya ku Changalume, ndipo iyo inapita kukanyamula zopangira simenti, osati anthu.

Titalandira ufulu, Dr. Hastings Kamuzu Banda anaona kuti kudalira doko limodzi n'kudziika pamsampha. Ndi ngongole yochokera ku South Africa, boma linayala makilomita pafupifupi 100 kuchokera pa Nkaya kudzera pa Liwonde mpaka ku Nayuchi, ndipo mu 1970 njira ya ku Nacala inatseguka. Apa njanji inayandikira Domasi, poti Liwonde ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40. Ndi thandizo la dziko la Canada njanji inafika ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980. Akuluakulu amene anakwerako sitima zaka zimenezo amasimba za amayi ogulitsa nzimbe, nthochi ndi nsomba zouma pa mawindo a mabogi. Siteshoni iliyonse inali msika.

Koma chakudza sichiyimba ng'oma. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique inadula njira zonse ziwiri. Pofika 1984 sitima zinali zitasiya kupita ku Beira ndi ku Nacala komwe, ndipo mu 1986 zigawenga za Renamo zinaphulitsa mbali ina ya mlatho wa Dona Ana. Fodya, tiyi, shuga, feteleza ndi mafuta zinasamukira pa malole oyenda mtunda wautali wa ku Durban ndi Dar es Salaam. Mtengo wa ulendowo unagwera wogula mchere ndi sopo m'golosale ya pa Domasi. Nkhondo inatha mu 1992, koma katundu wambiri sanabwererenso pa njanji. Mu 1997 madzi osefukira anakokolola njanji pafupi ndi Chiromo, n'kudula Nsanje ku njanji ya dziko lonse. Mu 1999 boma linapereka njanji m'manja mwa kampani ya Central East African Railways kuti iziyendetsa, ndipo m'zaka zotsatira sitima za anthu zinacheperachepera kufikira poyenda mwa apo ndi apo pa sabata.

Njanji inadzatsitsimukanso chifukwa cha malasha a ku Moatize m'chigawo cha Tete. Kampani ya ku Brazil ya Vale inaona kuti njira yachidule ya ku Nacala ndi yodzera m'Malawi, choncho inayala makilomita oposa 130 kuchokera ku Kachaso m'boma la Chikwawa mpaka pa Nkaya, n'kukonzanso njira ya ku Nayuchi. Njira yonseyo anaitsegulira mwamwambo mu 2017, ndipo mu 2022 Vale inaigulitsa ku kampani ya Vulcan. Ukaima pa Liwonde n'kuona mabogi oposa 100 a malasha atandondozana, umachita kaso. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: malashawo si athu, ndipo amangodutsa. Mu 1908 njanji inatsata minda ya azungu, zaka 100 zitapita inatsata mgodi wa dziko lina.

Chiyembekezo chilipo ndithu. Mu 2022 boma linayamba kukonza njanji ya Marka kupita ku Bangula, ndipo mu September 2024 sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Beira inafika pa Marka, patatha zaka pafupifupi 40 njirayo ili chitsekere. Aliyense amene anagonapo pamzere wa mafuta akudziwa phindu la sitima imodzi yotere. Komabe madzi a 1997 ndi namondwe Freddy wa mu 2023 atiphunzitsa kuti njanji ya m'chigwa cha Shire iyenera kumangidwa molingalira madzi, ndi kusamalidwa chaka chilichonse.

Sindikunena kuti mawa njanji ikwere phiri idzafike pabwalo la mishoni. Zimene tikupempha n'zochepa. Pa mgwirizano uliwonse umene boma likusaina ndi kampani ya njanji, palembedwe masiku ndi nthawi za sitima ya anthu, ndipo zizitsatidwa. Pa Liwonde pakhale malo pamene mlimi wa mpunga wa kumunsi kwa mtsinje wa Domasi ndi wogulitsa matemba a ku Chilwa angakwezepo matumba awo pa mtengo woti angaufike. Feteleza azitsikira pomwepo nthawi yodzala isanakwane. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Makolo athu anasenza katundu pamutu ndi kulipira msonkho popanda wowafunsa maganizo. Ife tili ndi aphungu, nyuzipepala ndi mavoti, choncho pamene akujambula mzere wina wa njanji, tifunse msanga kuti ukudzera pati ndipo ukunyamula za yani.