Mano a njinga, kuchokera ku France kufika pa zitunda za Angónia

Amalume anga anabwera kuchokera ku Salisbury ndi njinga ya Humber, yakuda, ya mabuleki a ndodo zachitsulo. Pamudzi ankaiona ngati ng'ombe, ndipo mwana akaigwira chishalo ankalandira khofi. Koma pa chitunda chilichonse cha pakati pa Dómuè ndi Ulónguè amalumewo ankatsika n'kumaikankha. Ndili mwana ndinkayesa kuti ndi ulesi. Ndinadzazindikira nditakula kuti vuto linali m'mano a njingayo.

Tembenuzani njinga yanu muwerenge. Gudumu lamano la pamapedulo nthawi zambiri limakhala ndi mano 44 kapena 46, fuliwilo yakumbuyo 18 kapena 20. Ngati kutsogolo alipo 44 ndipo kumbuyo 18, mukapalasa kamodzi tayala limazungulira pafupifupi kawiri ndi theka, ndipo tayala la mainchesi 28 limakupititsani mamita opitirira pang'ono 5. Pachidikha zimenezi n'zokoma, koma pachitunda, mutanyamula thumba la mbatatesi lopita ku Lizulu, mawondo ndi amene amalipira. Mukaika fuliwilo ya mano 22, mamita aja amatsika kufika pa 4 ndi theka, liwiro limachepa koma mwendo umapepukidwa.

Nkhani ya manoyi ndi yakale. M'zaka za m'ma 1870 njinga za ku Ulaya zinalibe tcheni. Mapedulo ankamangidwa patayala lakutsogolo, choncho wofuna liwiro ankangokulitsa tayalalo mpaka kufika m'chifuwa mwa munthu, ndipo akagwa ankagwa chamutu. Mu 1885 John Kemp Starley wa ku Coventry anatulutsa njinga yotchedwa Rover, ya tcheni chopita kumbuyo, ndipo mu 1888 John Boyd Dunlop anabweretsa tayala lopopa mpweya. Njinga yathu yakapalasa ndi mdzukulu wa ziwirizi.

Mpikisano wa Tour de France unayamba mu 1903, ndipo anapambana ndi Maurice Garin pa ulendo wa makilomita 2,428. Njinga zawo sizinasiyane kwambiri ndi ya amalume: chitsulo cholemera, giya imodzi, msewu wafumbi. Chosiyana chinali handulo yopindikira pansi kuti munthu awerame asalimbane ndi mphepo, komanso kusowa kwa kaliyala. Patapita nthawi anayamba kuika mano mbali zonse ziwiri za tayala lakumbuyo. Akafika patsinde pa phiri ankatsika, kumasula tayala, kulitembenuza kuti tcheni chigwire mano ambiri, n'kukweranso. Mu 1927 Mtaliyana wina, Tullio Campagnolo, analephera kumasula manati pa phiri la Croce d'Aune chifukwa zala zinali zitauma ndi chisanu. Ife amene timadziwa kuzizira kwa ku Tsangano mwezi wa Juni sitingamuseke. Mkwiyo wa tsiku limenelo ndi umene unamuchititsa kupanga kachitsulo komasulira tayala popanda sipanala.

Woyambitsa mpikisanowo, Henri Desgrange, anali munthu wouma mtima. Ankafuna kuti apambane ndi munthu, osati makina, ndipo chida chosinthira magiya munthu ali pachishalo chinaloledwa kwa akatswiri onse mu 1937 basi, ngakhale kuti ku Nottingham kampani ya Sturmey-Archer inali itayamba kale mu 1902 kupanga habu ya magiya atatu obisika m'kati. Malamulo ake ankaletsanso kuthandizidwa. Mu 1913 foloko ya njinga ya Eugène Christophe inathyoka potsika phiri la Tourmalet. Anayenda wapansi njinga ili paphewa mpaka pa chipala cha m'mudzi wa Sainte-Marie-de-Campan, n'kusula yekha folokoyo, koma anamulangabe pomuwonjezera mphindi chifukwa kamnyamata kena kanamupopera mvukuto. Nkhaniyi ndikaifotokoza pawailesi, okonza njinga a pansi pa mitengo ndi amene amaimba foni kwambiri, ndipo onse amakhala kumbali ya Christophe.

Dziko lathu lili ndi kachigawo kake m'mbiriyi. Joaquim Agostinho, Mpwitikizi wobadwa mu 1943, anakhalapo msilikali wa atsamunda kuno ku Mozambique asanatchuke. Anapambana Volta a Portugal mu 1970, 1971 ndi 1972, ndipo anakhala wachitatu pa Tour de France mu 1978 ndi 1979. Anamwalira mu 1984 atagunda galu pa mpikisano ku Algarve. M'nthawi yake njinga yothamangira inkatha kukhala ndi mano 52 kutsogolo ndi 14 kumbuyo, kupalasa kamodzi n'kudya mamita pafupifupi 8.

Ena amafunsa chifukwa chake kuno tinakakamira giya imodzi. Ine ndimati makolo athu sanalakwitse. Magiya akunja amadana ndi matope a Januwale, tcheni chake n'chopyapyala, ndipo chikaduka pakati pa Calómuè ndi kwanu, chogulira chake chili kutali. Hero kapena Phoenix amaikonza aliyense wokhala ndi sipanala ndi nyundo. Chimene chimandiwawa n'chakuti anyamata akabaza ambiri amayendabe pa mano 18 atakweza munthu ndi katundu wake, pomwe fuliwilo ya mano ambiri ingawasungire mawondo.

Humber ya amalume inagulitsidwa kwa ogula zitsulo zakutha maliro awo atangopita. Ndinakwanitsa kupulumutsa gudumu lamano lokha, ndipo ndinawerenga: analipo 46.