Madzi a m'phiri, msewu wa m'chigwa: mbiri ya ngalande ndi ndalama zake kwa Kachindamoto

Mvula ikagwa ku Bembeke, otsala ndi matope ndi anthu a kumunsi. Madzi amatsika mapiri mwaukali kudzera m'mitsinje ya Nadzipulu, Nadzipokwe, Namikokwe ndi Livulezi, koma akafika pachigwa mphamvu zimawathera. Amatula mchenga wonse umene anasenza, n'kuyamba kufuna njira ina yopitira kunyanja. N'chifukwa chake ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka munthu sangakambe za msewu osakamba za ngalande. Ine chikhulupiriro changa n'chakuti mmene ndalama za misewu zimagawidwira m'dera lino zinakhazikika mu 1935, chaka chimene njanji inadutsa, ndipo kufikira lero tikuyendabe m'mapazi omwewo.

Zakale kwambiri sizifuna mawu ambiri. Ku Mankhamba, likulu la Amaravi pafupi ndi Mtakataka, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anapeza mikanda ndi zidutswa za mbale zochokera kutsidya kwa nyanja zamchere, umboni woti njira zamalonda zinalipo zaka mazanamazana zapitazo. Zinali njira za mapazi, zotsata pouma, ndipo mtsinje ukadzaza aulendo ankadikira. Angoni a Kachindamoto atakhazikika ku Mtakataka, ndi ansembe a White Fathers atafika ku Mua mu 1902, katundu ankayendabe pamutu pa amtengatenga, azungu pa machila. Mfumu ikalamula, mudzi unkatuluka kukalambula njira ndi kuyala ulalo wa mitengo. Ndalama panalibe. Panali khasu ndi thukuta.

Kenako kunabwera njanji. Mu 1929 nyumba ya malamulo ya ku Britain inakhazikitsa lamulo la Colonial Development Act, lopereka ndalama za chitukuko m'maiko a atsamunda, ndipo chimodzi mwa zolinga zake chinali kupezera ntchito mafakitale a ku Britain komweko. M'nyengo imeneyo ndi mmene anavomereza ntchito ziwiri zikuluzikulu: mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, umene inamanga kampani ya Cleveland Bridge ya ku Darlington, ndi njanji yochoka ku Blantyre kudzera ku Balaka, Golomoti ndi Chipoka mpaka ku Salima. Kampani ya Nyasaland Railways inakhazikitsidwa mu 1930, ndipo ntchito zonse ziwirizo zinatha mu 1935.

Pano ndiyenera kuyamikira kumene kukuyenera. Mainjiniya a njanji ndiwo anayamba kuwapatsa ulemu madzi a chigwa chino. Anayeza kutsetsereka kwa dziko, anaunjika dothi kuti njanji ikhale pamwamba, anamanga mlatho pamtsinje uliwonse ndi timilatho pamakhwawa, ndipo koposa zonse anaika anthu olipidwa oti aziyendera njanjiyo ndi kufukula potuluka madzi pakatsekeka. Anadziwa kuti kumanga ndi ntchito ya chaka chimodzi, koma kusamala ndi ntchito ya chaka chilichonse. Ulemu wina waukulu, umene mabuku sautchula kawirikawiri, upite kwa anthu wamba amene anakumba ndi kusenza dothilo ndi mapiki, mafosholo ndi madengu, m'dziko lotentha ndi la malungo.

Koma tiyeni tifunse: ngalande zimenezo zinkateteza yani? Zinkateteza njanji. Njanji imayenda kuchokera kummwera kupita kumpoto, pamene madzi amachokera kumadzulo kupita kummawa, choncho dothi lounjikidwa lija linaima mopingasa njira ya madzi, n'kuwasiyira zipata zowerengeka. Zimene madziwo akachite m'munda kapena m'mudzi akatuluka pachipata sizinali m'mabuku a kampani. Ndipo ngongole ya njanjiyo inagwera boma la Nyasaland, limene ndalama zake zambiri zinkachokera ku msonkho wa nyumba wa anthu akuda. Wolemba mbiri Leroy Vail anaonetsa kuti ngongole za njanji zinasaukitsa dziko lino ndi kulimana ndalama za zinthu zina. Mlimi wa thonje ku Golomoti analipira nawo njanji, koma kanjira kochoka kumunda kwake kupita kusiteshoni anapitiriza kulambula yekha. Apa ndi pamene panabadwira lamulo losalembedwa: ndalama zikuluzikulu ndi za njira yodutsa, njira ya eni dera ndi ya khasu.

Ufulu wa 1964 sunalithyole lamulo limeneli. Msewu wa m'mbali mwa nyanja, M5, unatsata pafupifupi mmene inadutsa njanji, ndipo M10 inapatuka kulowera ku Monkey Bay ndi ku Mangochi. Pambuyo pake msewu wa Khwekhwelere, wotsika kuchokera ku Masasa kufika ku Golomoti, nawonso unathiridwa phula. Yonseyi ndi misewu yabwino ndipo yasintha moyo wa dera lino, koma anaisankha powerenga magalimoto a anthu opita kwina. Misewu ya m'midzi, nthawi ya Kamuzu Banda, inkadalira ntchito zodzithandiza ndi Sabata ya Achinyamata.

Kusintha kwenikweni kwa kapezedwe ka ndalama kunadza m'zaka za m'ma 1990. Lamulo la 1997 linakhazikitsa National Roads Authority, ndipo ndalama zokonzera misewu zinayamba kuchokera ku msonkho wa pa mafuta a galimoto. Mu 2006 bungwelo linagawidwa pawiri, Roads Authority yoona za ntchito ndi Roads Fund Administration yosunga thumba. Zipata zolipiritsa za pa Chingeni ndi pa Kalinyeke zinabwera m'zaka za 2021 ndi 2022, zonse pa M1. Mbali inayi, lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapatsa makhonsolo udindo wa misewu ing'onoing'ono, ndondomeko ya chitukuko ya MASAF inabweretsa ntchito zolipidwa za m'midzi, ndipo thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, la CDF, linayamba mu 2006. Pa pepala, zofuna za anthu zimachoka ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC), kupita ku komiti ya chitukuko ya m'dera (ADC), kukafika ku khonsolo. Vuto n'lakuti khonsolo ya mzinda ngati Lilongwe imatolera msonkho wa nyumba ndi malo, pamene khonsolo ya Dedza imadalira ziphaso za m'misika, malaisensi ndi zimene likulu latumiza. Udindo unatsika, ndalama zokwanira sizinatsike nawo. Ndipo ndalama zochepazo zikapezeka, mdadada wa sukulu kapena mjigo umapambana, chifukwa zimaoneka ndipo zimatsekuliridwa ndi mwambo. Ngalande yofukulidwa bwino palibe amaiombera m'manja.

Phunziro lowawa lili pa sikimu ya mpunga ya Bwanje Valley ku Mtakataka, ya mahekitala 800, yomangidwa ndi thandizo la Japan kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Patangopita zaka zochepa, madzi osefukira a Namikokwe anaononga zina mwa zomangamanga zake, ndipo panafunika thandizo lina kuti akonzenso. Ngati ntchito ya akatswiri otere inagonja, nanga kamsewu ka dothi la makande kamene mpungawo umatulukira? Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo mitengo ikamatha m'nkhalango ya Mua-Livulezi chifukwa cha makala, madziwo amatsika mofulumira ndi mchenga wochuluka.

Kagwadeni pa paipi ya simenti yodutsa pansi pa msewu wa m'mudzi mwezi wa Novembala. Mupeza theka lake ndi mchenga wouma gwa, pakamwa pake patatsekeka ndi mapesi, majumbo ndi mabotolo. Anthu anayi ndi mafosholo ndi wilibala angaifukule dzuwa lisanapendeke. Ikasiyidwa, mvula ya Januwale imakwera pamwamba, imadya m'mphepete, ndipo pofika Febuluwale pali chigwembe chimene ngolo ya mpunga siingawoloke, ngakhale wakabaza wonyamula mayi wodwala kupita kuchipatala cha Mua ayenera kutsitsa wodwalayo. Pamenepo mtengo wake sulinso wa mafosholo anayi, ndi wa kontilakita.

Tsono kwa makhansala, aphungu ndi mamembala a ADC kwa Kachindamoto, pempho langa ndi lolunjika. Lembani mndandanda wa paipi iliyonse, kamlatho kalikonse ndi ngalande za m'misika ya Golomoti ndi Mtakataka. Patulani gawo la CDF chaka ndi chaka loti zifukulidwe mvula isanagwe, ndipo olembedwa ntchitoyo akhale anthu a midzi yomweyo, olipidwa pa nthawi yake. Kakhaleni pansi ndi mafumu a kumtunda, chifukwa mchenga wotseka ngalande zathu umachokera m'minda yawo. Ndipo a Roads Authority akamabwera kudzakonza M5, muwafunse kuti madzi otuluka pansi pa msewu wawo akulowera kwa yani. A njanji anasamala chuma chawo mu 1935 polipira anthu oyang'anira madzi. Midzi imene inawalipirira ngongole ija iyenera kusamalidwa chimodzimodzi.