Zilembo 6 ndi Magazi a Ana Athu

M'caka ca 1948, pamene amishoni a Anglican anatsegula cipatala ca St Francis ku Katete, dokotala wa ana ku Brooklyn, Janet Watson, anaona kuti m'magazi a makanda obadwa ndi matenda a sickle cell muli maselo opindika ocepa cabe. Mayi wa ku Sinda kapena ku Vubwi amene walera mwana wodwala matendawa amazidziwa izi: miyezi yoyamba mwana amakhala bwino, kenako manja ndi mapazi amayamba kutupa. Watson anaganiza kuti khanda limatetezedwa ndi hemoglobini wa m'mimba, puloteni yonyamula mpweya imene mwana amabadwa nayo. Akamakula, thupi limaleka kuipanga. Nanga cimaizimitsa n'ciani?

Caka cotsatira, E. A. Beet, dokotala wa boma la atsamunda amene anafufuza mabanja a Alala ku Serenje, anasonyeza kuti mwana amadwala akalandira jini ya matendawa kwa bambo ndi kwa mayi. Jini ndi kacigawo ka DNA kokhala ndi malangizo a cibadwa. Koma za cozimitsa cija panalibe yankho.

Kuwala kunayamba mu 1961 ku Paris, pamene François Jacob ndi Jacques Monod, pofufuza mabakiteriya, anafotokoza kuti jini imatha kutsekedwa ndi cinthu cimene cimakakamira pamalo ake pa DNA. Pambuyo pake zinatsimikizika kuti cinthuco ndi puloteni. Mu 1985, Aaron Klug, amene anakulira ku Durban, ndi anzake anapeza m'puloteni ya cule wa Xenopus timagawo tonga zala, togwiriziridwa ndi zinki. Cala ciliconse cimalowa mumzere wa DNA ndi kuwerenga zilembo ngati 3.

Mwa munthu nkhaniyi ndi yovuta. DNA yathu ili ndi zilembo pafupifupi mabiliyoni 3, zamitundu 4 cabe: A, C, G ndi T. Mawu a zilembo 6 amatha kupezeka mwamwayi kamodzi pa zilembo 4,096 zilizonse. Puloteni siisocera cifukwa DNA yambiri imakulungidwa pa mapuloteni ochedwa histone, motero malo ambiri amakhala otseka, ndiponso mapuloteniwa amagwira nchito m'magulu, wina kuthandiza mnzake kukhazikika pamalo oyenera.

Yankho la funso la Watson linadza patapita zaka 60. Mu 2008, gulu la Stuart Orkin ku Boston linasonyeza kuti puloteni yochedwa BCL11A ndiyo imazimitsa hemoglobini wa m'mimba. Mu 2018 kunadziwika kuti zala zake za zinki zimagwira zilembo TGACCA pafupi ndi jini ya hemoglobiniyo. BCL11A nayonso imayatsidwa m'maselo ofiira ndi puloteni ina, GATA1. Mankhwala a Casgevy, amene Britain ndi America anavomereza kumapeto kwa 2023, amadula malo amene GATA1 imagwira. BCL11A ikacepa, magazi a ukhanda amabwerera. Mtengo wake ku America mu 2023 unali madola 2.2 miliyoni pa munthu mmodzi, ndipo wodwala amafunika cipatala codziwa kusintha mafuta a m'mafupa.

Banja lolima cimanga ndi nshawa ku Katete silingafike pamenepo. Cimene lingafikire ndi hydroxyurea, mapiritsi amene America inavomereza pa matendawa mu 1998, amenenso amaculukitsa hemoglobini wa m'mimba. Miyezi yoyamba ija, imene mwana amaoneka wathanzi, ndiyo nthawi yomuyeza magazi, kumuyambitsa penisilini ndi kumuteteza ku malungo. Makolo akadikira kufikira mapazi atatupa, ndiye kuti BCL11A yayamba kale nchito yake.