Chofunda cha Kamkwatira Chinagwera Mayi Chavula

Ife a kuno ku Kafue, amene tikaweruka madzulo timaunjikana pa wailesi yakanema kuonera mafilimu a ku Nigeria monga ngati kwathu kuno Mulungu sanagaweko luso, tiyenera kumva mbiri ya mayi wina wa kutsidya kwa malire a Mchinji, amene filimu yake inakalandira ulemu ku Lagos komweko. Dzina lake ndi Joyce Mhango Chavula, koma nkhani yake siyambira pa iye.

Mu 1987 Du Chisiza Jr, mwana wa mtsogoleri wa ndale uja Dunduzu Chisiza, anakhazikitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre, ndipo pa masiku amene anthu ankaopa ngakhale kutsokomola pagulu, iye ankadzaza bwalo la French Cultural Centre ku Blantyre ndi masewero onena zimene ena ankangonong'ona. Atamwalira mu 1999, ambiri anayesa kuti gululo latsikira naye kumanda. Koma Gertrude Kamkwatira, amene anakulira m'manja mwake pa zisudzo, analitsogolera, ndipo pambuyo pake anayambitsa lakelake la Wanna-Do Ensemble Theatre, nalemba masewero monga It's My Fault ndi Jesus' Retrial, kuwaphunzitsa yekha ndi kusewera momwemo, kufikira imfa inamutenga mu 2006, dzuwa likadali paliwombo.

Monga chofunda cha Eliya chinagwera Elisa, ntchito ya mayi ameneyu inagwera Mayi Chavula, amene mu 2009 anasiya ntchito ya malipiro a pamwezi ku Nation Publications nakhazikitsa gulu la Rising Choreos Theatre Company. Aliyense amene anaonapo mabanja a kuno ku Kafue pamene makina a fakitale ya nsalu anazima, adziwa kuti kutaya ntchito ndi dala si chinthu chamasewera. Komatu mayiyu anali ataona chimene Kamkwatira anaona: kuti mkazi wongodikira kuitanidwa kukasewera adzakalamba ali chidikirire, popeza olemba ambiri ndi amuna, ndipo mbali zimene amasungira akazi ndi za apongozi olongolola kapena za namwali wolira; choncho wofuna mbali yolemera ayenera kuilemba yekha, kufunafuna ndalama yekha, kubwereka holo ndi kulipira anzake, ngakhale pa tsiku limene oonera sanakwane mizere itatu.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mayi Chavula anaitana Patience Ozokwor wa m'mafilimu a ku Nigeria, uja timamutcha Mama G, kudzasewera pamodzi ndi Amalawi m'sewero la The Return, ndipo kenaka analowa m'mafilimu, naonekera mu The Last Fishing Boat ya Shemu Joyah. Filimu yakeyake yoyamba inali No More Tears. Yachiwiri, Lilongwe, ndiyo inapambana mu 2016 pa mpikisano wa Africa Magic Viewers' Choice Awards monga filimu yoposa zonse ya kummwera kwa Africa. Ndipo pambuyo pake kunabwera Nyasaland.

Mphoto sigula chakudya cha osewera. M'dziko limene nyumba zoonetsera mafilimu n'zowerengeka, ndipo ogulitsa pamsika amakopera filimu mwini wake asanabweze ngongole, wolemba amene ali yemweyo wosewera ndiponso wosonkhanitsa ndalama amasenza katundu wa anthu atatu pamutu umodzi. Mayi Chavula analowanso m'utsogoleri wa bungwe la Film Association of Malawi, kumene nkhani za ndalama ndi za umbava wa mafilimu zimakambidwa.