Kalonga Chun: Mbale wa Mfumu ndi Atate wa Mfumu

M'mbiri ya dziko la China muli nyumba imodzi imene inaturutsa mafumu akuru awiri otsatizana, ndiwo mafumu otsiriza a dzikolo. Nyumbayo ndiyo ya Kalonga Chun, ya m'mzinda wa Beijing, umene mabuku akale amaucha Peking. Mwini wace waciwiri, dzina lace Zaifeng, anali mdzukulu wa mfumu, mng'ono wa mfumu ndi atate wa mfumu, koma iye mwini sanakhale pa mpando wacifumu. Anaugwirizira mpandowo zaka 3 m'malo mwa mwana wace, ndipo ufumu wa makolo ace unathera m'manja mwace. Olemba mbiri ambiri amamuyesa munthu wofooka, ndipo ali ndi zifukwa zao. Koma moyo wace wonse ukayesedwa, pamapezekanso cina coyenera kucilingalira.

Fuko lace ndi atate wace

Mafumu a China a masiku aja sanali a mtundu waukuru wa dzikolo, wochedwa Han. Anali Amanchu, mtundu wocepa wocokera kumpoto ca kum'mawa, umene unalowa m'Beijing m'caka ca 1644, nukhazika ufumu wochedwa Qing. Banja lacifumu linali la mfunda wa Aisin Gioro. Pa mwambo wao ana amuna a mbadwo umodzi anali kuyamba maina ao ndi liu limodzi, kotero kuti dzina lokha linali kuonetsa mbadwo wa munthu: atate anali a Yi, ana ao a Zai, adzukulu a Pu.

Atate wa Zaifeng anali Yixuan, mwana wacisanu ndi ciwiri wa Mfumu Daoguang, wobadwa m'caka ca 1840. Iyeyu anakwatira mng'ono wace wa Mfumukazi Cixi, mkazi wocenjera ndi wouma mtima amene anagwira mphamvu za ufumu kuyambira 1861. M'caka ca 1875 Mfumu Tongzhi, mwana wa Cixi, anamwalira wosasiya mwana. Mwambo unafuna kuti wolowa m'malo acokere m'mbadwo wotsatira; koma Cixi anasankha Zaitian, mwana wa Yixuan, wa mbadwo womwewo wa womwalirayo, asanakwanitse zaka 4, pakuti mwana wamng'ono cotero sakadatha kumlanda ulamuliro. Mwanayo ndiye Mfumu Guangxu.

Yixuan sanakondwere. Anazindikira kuti atate wa mfumu ndiye munthu woyamba kumkaikira, napempha kuti amcotsere nchito zace zonse za Boma. Anapatsidwa ulemu wakuti ukalonga wace upitirire kwa ana ace wosatsika, ulemu umene nyumba 12 zokha zinaulandira m'nthawi yonse ya Qing; koma anakhala moyo wace wonse ndi mantha. M'nyumba mwace anasunga ciwiya cina ca nzeru zakale, cimene cimaima bwino cikakhala ndi madzi apakati, koma cimagubuduka cikadzala. Ici ndico ciphunzitso cimene anasiyira ana ace.

Ulendo wa ku Germany

Zaifeng anabadwa pa 12 February 1883 kwa mkazi wamng'ono wa Yixuan, nalowa ukalonga atamwalira atate wace m'caka ca 1891. Anakula akuona tsoka la mkuru wace. M'caka ca 1898 Guangxu anayesa kukonzanso sukulu, asilikari ndi mayendetsedwe a Boma m'masiku monga 100; koma Cixi anamgonjetsa namtsekera pa kacisumbu ka m'munda wacifumu. Ambiri anakhulupirira kuti mkuru wa asilikari, Yuan Shikai, ndiye anaulula upo wa mfumu ndi anzace.

M'caka ca 1900 gulu la anthu ochedwa Boxers linaukira alendo ndi Akristu, ndipo kazembe wa Germany, Clemens von Ketteler, anaphedwa m'mseu wa Beijing. Ankhondo a maiko 8 analanda mzindawo. Pa pangano la mtendere la 1901 China anakakamizidwa kulipira ndalama za siliva zochedwa tael zokwanira 450,000,000, ndi kutumiza mwana wa banja lacifumu kukapepesa kwa Mfumu Wilhelm II. Katundu wamanyaziyu anamsenzetsa Zaifeng, ali ndi zaka 18.

Ali panjira anamva kuti Ajeremani afuna kuti omperekeza akagwade ndi kugunditsa mphumi pansi pamaso pa mfumu yao. Zaifeng anaima m'mzinda wa Basel ku Switzerland, osapitirira, kufikira Ajeremani analeka mau amenewo. Pamenepo anapita ku Potsdam, napereka cipepeso m'mwezi wa September. Anabwera kwao ndi mbiri yabwino, ataonanso cinthu cimodzi cimene sanaciiwale: ku Germany banja lacifumu ndilo linagwira asilikari.

Mwana alowa ufumu

Cixi anafuna kumangirira mnyamatayo kwa iye mwini. M'caka ca 1902 anamkwatitsa Youlan, mwana wamkazi wa Ronglu, nduna yace yokhulupirika. Mwana wao woyamba, Puyi, anabadwa pa 7 February 1906, ndi waciwiri, Pujie, m'caka ca 1907.

M'mwezi wa November 1908 mfumu ndi mfumukazi anadwala onse awiri. Cixi analamula kuti Puyi atengedwe kunka naye ku nyumba yacifumu. Gogo wace wa mwanayo anakomoka pakumva mauwo, pakuti anadziwa cimene cinagwera mwana woyamba amene anatengedwa m'nyumba imeneyo. Guangxu anamwalira pa 14 November, ndi Cixi m'mawa mwace. Patapita zaka 100, m'caka ca 2008, akatswiri anapima tsitsi ndi mafupa a Guangxu, napeza ululu wambiri wochedwa arsenic.

Puyi anaikidwa pa mpando pa 2 December 1908, asanakwanitse zaka 3. Tsikulo kunazizira, mwambo unatalika, ndipo mwanayo analira kufuna kubwerera kwao. Atate wace, pomgwiriziza pa mpandopo, anamtonthoza ndi kumuuza kuti zonse zitha posacedwa. Ndipo nduna zimene zinamva zinayesa mauwo malodza. Kuyambira tsikulo mwana wace anasanduka mbuye wace, ndipo Zaifeng, wa zaka 25, anakhala wolamulira anthu oposa 400,000,000.

Zaka zitatu za ulamuliro

Akuru anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Zaifeng anali munthu wofatsa, wacibwibwi polankhula, wosakonda mikangano, ndipo kawirikawiri anali kutsata mau a munthu amene walankhula naye potsiriza. Nchito yace yoyamba inali kucotsa Yuan Shikai m'mwezi wa January 1909, ponena kuti akapumule cifukwa ca nthenda ya mwendo. Ena anamlangiza kuti amuphe, koma iye anaopa asilikari a Yuan. Potero anapanga mdani wamphamvu namsiya wamoyo. Pokumbukira za ku Germany, anaika mng'ono wace Zaixun pa zombo za nkhondo, ndi mng'ono wina, Zaitao, pa akuru a asilikari a pamtunda, ngakhale onse awiri anali anyamata osazolowera nchitozo.

Sikuti anakana kusintha konse. M'caka ca 1909 misonkhano ya zigawo inayamba kukumana, ndi m'caka ca 1910 msonkhano wa dziko lonse. Anthu atapempha kawirikawiri kuti Nyumba ya Malamulo itsegulidwe msanga, iye anavomera kuti idzatsegulidwe m'caka ca 1913. M'caka comweco ca 1910 mnyamata woukira, Wang Jingwei, anachera bomba kuti amuphe. Atagwidwa sanaphedwe, koma anaikidwa m'ndende.

Colakwa cacikuru cinadza m'mwezi wa May 1911. Zaifeng anaika bungwe la nduna 13, ndipo 4 zokha zinali za mtundu wa Han. Ambiri mwa otsalawo anali abale a mfumu. Anthu ophunzira amene anali kuyembekeza kuti ufumu udzakonzeka mwamtendere anataya mtima. Mwezi womwewo Boma linalengeza kuti litenga njanji zimene eni dziko anasonkhera ndalama zao, ndi kuzimanga ndi ngongole za alendo. Ndipo cigawo ca Sichuan cinawira. Pa 10 October 1911 asilikari a ku Wuchang anapanduka, ndipo zigawo zinayamba kucoka cimodzicimodzi. Popeza ankhondo a kumpoto anali kumvera Yuan Shikai yekha, Zaifeng anakakamizidwa kuitana munthu yemwe uja anampitikitsa. Pa 6 December anatula udindo wace. Pa 12 February 1912, tsiku limene anakwanitsa zaka 29, kalata yotula ufumu inalengezedwa m'dzina la mwana wace, ndipo ulamuliro wa Amanchu wa zaka 268 unatha.

Moyo wa pambuyo pace

Zaifeng anabwerera kunyumba kwace m'mbali mwa nyanja yaing'ono ya Houhai monga munthu amene watula mtolo. Anakonda mabuku ace ndi kuphunzira za nyenyezi, nalemba zocitika za tsiku ndi tsiku. Ena a banja lacifumu anathera cuma cao pofunafuna ankhondo owabwezera ufumu, koma iye sanatsogolere upo uli wonse. Yuan Shikai anayesa kudzilonga ufumu, namwalira m'manyazi m'caka ca 1916. M'caka ca 1917 mkuru wina wa asilikari, Zhang Xun, anabwezera Puyi pa mpando, koma zinatha m'masiku 12.

Cisoni sicinaleke kulowa m'nyumbamo. Boma latsopano linalola Puyi kukhalabe m'nyumba yacifumu ndi ulemu wace wakale, pakati pa akazi amasiye a mafumu akale. M'caka ca 1921 mmodzi wa iwo anadzudzula Youlan koopsa cifukwa ca mwano wa Puyi, ndipo Youlan anadzipha pakumeza mankhwala ochedwa opium. M'mwezi wa November 1924 ankhondo a Feng Yuxiang anaturutsa Puyi m'nyumba yacifumu. Anathawira kwa atate wace, koma posakhalitsa anadzipereka m'manja mwa Ajapani, nasamukira ku Tianjin.

Apa ndipo njira ya atate ndi ya mwana zinalekana. Japan analanda Manchuria, dziko la makolo a Amanchu, m'caka ca 1931, naliyesa dziko latsopano lochedwa Manchukuo; ndipo m'caka ca 1934 Puyi analongedwa mfumu yace. Cinali cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere, pakuti mfumuyo inali kungosindikiza zimene akuru a nkhondo a Japan analemba. Caka comweco Zaifeng anapita ku Changchun kukaona mwana wace, nakhalako kanthawi kocepa, nakana kukhazikika kumeneko. Munthu amene anachuka ndi kusakhazikika mtima anaima nji pa cinthu cimodzi ici, ndipo dzina lace silinalembedwe pamodzi ndi maina a otumikira adani a dziko lao.

Ana ace

Zaifeng anabala ana amuna 4 ndi akazi 7. Puyi anagwidwa ndi ankhondo a Russia m'caka ca 1945, naperekedwa kwa Boma la Cikomyunizimu la China m'caka ca 1950, nakhala m'ndende ya Fushun kufikira 1959. Pambuyo pace anagwira nchito m'munda wa zomera ku Beijing, namwalira m'caka ca 1967 wosasiya mwana. Pujie, amene anakwatira mkazi wa banja lomveka la ku Japan, Saga Hiro, m'caka ca 1937, anamangidwanso pamodzi ndi mkuru wace. Anamasulidwa m'caka ca 1960, namwalira m'caka ca 1994.

Mwana wamwamuna wotsiriza, Puren, wobadwa m'caka ca 1918 kwa mkazi waciwiri, anakhala ndi atate wace. Anatenga dzina wamba lakuti Jin Youzhi, ndipo m'caka ca 1947, mothandizidwa ndi atate wace, anatsegula sukulu ya ana ang'ono m'zipinda za nyumba yaukalonga. Anakhala mphunzitsi zaka monga 40, namwalira m'caka ca 2015. Mlongo wace wotsiriza, Yunhuan, nayenso anakhala mphunzitsi. Zaifeng mwini anagulitsa nyumbayo kwa Boma latsopano, namwalira ku Beijing pa 3 February 1951, ana ace awiri akuru ali m'ndende.

Poweruza munthu wotere payenera cilungamo ca mbali zonse ziwiri. Monga wolamulira analephera, ndipo cifukwa cace cioneka poyera: pamene dziko linafuna kugawana naye mphamvu, iye anaziunjikira abale ace, nataya anthu omwe akadacirikiza mpando wa mwana wace. Nkutheka kuti ufumu wokalambawo ukadagwa ngakhale m'manja mwa wina wanzeru zoposa. Koma iye anafulumiza kugwa kwace. Komabe anadziwa kucoka nthawi yace itakwana, wosaumirira nkhondo imene ikadapha anthu ambirimbiri, ndipo sanalole kuti alendo amgule ndi ulemu wonyenga. Mwa ana ace, amene anathamangira mpando wacifumu anautsata kufikira m'ndende. Amene anatenga coko ndi bolodi anakalamba m'mzinda wa kwao, ana a sukulu ace akumpatsa moni m'mseu.