Ulendo wa zonyansa m'madzi: zomwe anthu a ku Ntcheu ayenera kudziwa

Boma la Ntcheu, lomwe pakalembera wa 2018 lidapezeka ndi anthu oposa 650,000, lili kumtunda kwa maboma angapo. Mitsinje ya Livulezi ndi Bwanje imadutsa m'bomali polowera kunyanja ya Malawi, pomwe Rivirivi amakathira mu Shire. Choncho chomwe chatayidwa m'madzi ku Ntcheu chimakafika pamilomo ya anthu omwe sadachione chikutayidwa.

Mfundo yaikulu yomwe akatswiri a sayansi ya madzi amaphunzitsa ndi yakuti zonyansa zikalowa m'madzi sizizimirira. Zina zimaola n'kusanduka zinthu zina, zina zimakhazikika pansi, ndipo zina zimasungunuka kotero kuti diso silingazione. Mtundu uliwonse uli ndi njira yake youchotsera, ndipo njira yothetsa mtundu umodzi siithetsa unzake.

Magulu anayi a zoipitsa madzi

Gulu loyamba ndi la tizilombo toyambitsa matenda monga kolera, taifodi ndi kamwazi, komanso mazira a njoka za m'mimba. Zonsezi zimachokera m'chimbudzi cha anthu ndi ndowe za ziweto. Poyeza madzi, akatswiri amafufuza kachilombo kotchedwa E. coli kamene kamakhala m'matumbo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke kachilomboka ngakhale kamodzi.

Gulu lachiwiri ndi la zinthu zoola: chimbudzi, magazi a kophera nyama, zotsalira za zakudya ndi masamba otayidwa pamsika. Lachitatu ndi la michere yomwe imakulitsa zomera, makamaka nayitirojeni ndi fosiforasi, yochokera mu mkodzo, feteleza ndi sopo wina waufa. Lachinayi ndi la ziphe zomwe siziola msanga kapena siziola n'komwe, monga mtovu wa m'mabatire a galimoto, oilo wakutha ndi mankhwala ena ophera tizilombo m'munda.

Mmene mtsinje umabanikira

M'madzi a mumtsinje muli mpweya wa okosijeni wosungunuka, womwe nsomba zimapuma. Mpweyawu ndi wochepa kwambiri: pafupifupi mamiligalamu 8 kapena 9 pa lita imodzi, ndipo madzi akatentha umacheperanso. Zinthu zoola zikalowa mumtsinje, mabakiteriya amayamba kuzidya, ndipo pochita izi amagwiritsa ntchito okosijeni yemweyo.

Pofuna kudziwa kuchuluka kwa zoola m'madzi, akatswiri amagwiritsa ntchito muyeso wotchedwa BOD. Amatunga madzi m'botolo, kulitseka, kuliika pamdima kwa masiku asanu pakutentha kwa madigiri 20, kenako n'kuona kuti okosijeni watha wochuluka bwanji. Mtsinje waukhondo umatha mamiligalamu awiri kapena kucheperapo pa lita. Suweji yosayeretsedwa imafuna mamiligalamu 200 mpaka 400 pa lita. Izi zikutanthauza kuti ndowa imodzi ya suweji itha kumaliza okosijeni wa m'ndowa makumi angapo za madzi abwino.

Okosijeni akatha, nsomba zimafa kapena kuthawa, ndipo ntchito yooletsa imatengedwa ndi mabakiteriya ena omwe safuna mpweyawu. Amenewa amatulutsa mpweya wa methane ndi wina wonunkha ngati dzira lovunda, wotchedwa hydrogen sulphide. Madzi amada bii. Amene adadutsapo pamtsinje wa Mudi mumzinda wa Blantyre m'chilimwe amalidziwa fungo limeneli. Vutoli limakula m'miyezi ya September ndi October chifukwa mitsinje imakhala itaphwera, madzi osungunula zonyansa ndi ochepa, ndipo dzuwa limakhala likuswa mtengo.

Kuchokera m'chimbudzi kukafika m'chitsime

Mabanja ambiri ku Ntcheu, monga m'maboma ena, amagwiritsa ntchito zimbudzi zokumba, ndipo nyumba zina zapaboma ndi m'malo ochitira malonda zili ndi matanki a septiki. Apa nkhani yaikulu ndi ya nayitirojeni. Mu mkodzo muli yureya, yemwe sasiyana ndi feteleza wa dzina lomweli amene alimi amabereketsera chimanga. M'dzenje, yureya amasanduka amoniya, yemwe amapereka fungo lolasa mphuno. M'nthaka momwe muli mpweya, mabakiteriya amasandutsa amoniya kukhala naitireti.

Dothi limasefa tizilombo tambiri madzi akamatsika pang'onopang'ono, koma naitireti sagwidwa ndi dothi. Amayenda ndi madzi apansi mpaka kukafika m'chitsime kapena pamjigo. Alibe mtundu, alibe fungo, ndipo sasintha kakomedwe ka madzi. WHO imati asapose mamiligalamu 50 pa lita, makamaka pofuna kuteteza makanda osakwana miyezi isanu ndi umodzi. Mwa khanda, naitireti amasanduka mchere wina womwe umalepheretsa magazi kunyamula okosijeni, ndipo milomo ndi khungu zimatha kubiriwira.

Kolorini sachotsa naitireti. Kuwiritsa madzi nakonso sikumuchotsa, ndipo kumamuchulutsa chifukwa madzi ena amauluka ngati nthunzi iye n'kutsalira mumphika. Chitetezo chenicheni ndi kutalikitsa: alangizi a zaumoyo amati chimbudzi chikumbidwe mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime, chakumunsi kwake, ndipo dzenje lisafike pamadzi apansi.

Feteleza wa m'madimba amayenda njira yomweyo. Madera a Tsangano ndi Lizulu ndi otchuka ndi kachewere, kabichi ndi tomato, mbewu zomwe zimafuna feteleza ndi mankhwala opopera. Mvula ikagwa feteleza atangothiridwa, kapena mlimi akatsukira mpope wake mumtsinje, gawo lina limapita ndi madzi. Kumunsi, nayitirojeni ndi fosiforasi zimadyetsa ndere ndi namasupuni, chomera chomwe chakhala chikuvutitsa pa Shire ku Liwonde ndi kutseka makina opangira magetsi ku Nkula. Zomerazi zikafa zimaola, n'kumalizanso okosijeni wa m'madzi.

Matope, kolorini ndi phunziro la Mpira

Damu la Mpira, lomwe lili m'boma la Ntcheu, lidamangidwa kuti lizipereka madzi a m'mipopi kwa anthu a ku Ntcheu, Balaka ndi madera oyandikira. Mu 2018 damuli lidauma. Kuchepa kwa mvula, kudula mitengo m'nkhalango ya Mvai ndi kulima m'mphepete mwa mitsinje yothira m'damuli zidatchulidwa kuti ndi zina mwa zomwe zidachititsa. Mipopi itauma, mabanja ambiri adabwerera kuzitsime ndi kumitsinje.

Kukokoloka kwa nthaka kumakwirira damu, komanso kumavutitsa ntchito yoyeretsa madzi. Dothi lomwe limachititsa madzi kuoneka ofiira ndi tizidutswa ting'onoting'ono tomwe timakankhana, motero sitikhazikika pansi msanga. Kumalo ambiri oyeretsera madzi amathira mankhwala otchedwa alamu, omwe amachititsa tizidutswato kugwirana n'kulemera, n'kumira. Kenako madzi amadutsa mumchenga wosefera, ndipo kolorini amathiridwa pomaliza.

Ndondomekoyi ili ndi chifukwa chake. Kolorini akathiridwa m'madzi amatope amathera pa zinyalala, ndipo tizilombo timabisala m'tizidutswa ta dothi. Kuti agwire ntchito, WHO imati pakatha mphindi 30 chithirireni, m'madzi mukhale mutatsala theka la miligalamu pa lita. N'chifukwa chake pakhomo madzi amatope amayenera kudikha ndi kusefedwa pansalu yoyera asanathiridwe WaterGuard kapena kolorini wa kuchipatala, ndipo asamwedwe theka la ola lisanakwane.

Mmene suweji imayeretsedwera

M'Malawi mapaipi onyamula suweji amapezeka makamaka m'mizinda, ndipo ngakhale kumeneko amafikira nyumba zochepa. Ku Blantyre kuli malo oyeretsera monga Soche, Limbe, Manase ndi Chirimba, pomwe ku Lilongwe malo aakulu ndi Kauma. Kulikonse ntchito imayamba ndi kutchinga mapulasitiki, nsanza ndi mchenga, kenako kulola zolemera kuti zimire. Zikatero mabakiteriya amapatsidwa mpata woti adye zoola zomwe zatsala, ntchito yomwe akadaigwirira mumtsinje.

Maiko olemera amagwiritsa ntchito makina opopera mpweya m'matanki, njira yomwe Edward Ardern ndi William Lockett adaitulukira ku Manchester mu 1914. Njirayi ndi yachangu koma imadya magetsi ambiri. M'maiko otentha ngati lathu, maiwe otsatizana, monga a ku Kauma, amagwira ntchito yomweyo ndi mphamvu ya dzuwa.

Dziwe loyamba limakhala lakuya mamita awiri mpaka asanu. Mmenemo mulibe okosijeni, zolemera zimamira n'kumaola, ndipo theka la zoola kapena kuposerapo limathera pomwepo. Lachiwiri ndi losaya, mita imodzi kapena awiri. Pamwamba pake pamamera ndere zomwe masana zimatulutsa okosijeni, mabakiteriya n'kumamugwiritsa ntchito pomaliza zoola, nawo n'kumatulutsa mpweya womwe nderezo zimafuna. Maiwe omaliza ntchito yake ndi kupha tizilombo ndi kuwala kwa dzuwa. Ulendo wonse umatenga masabata angapo. Maiwewa akadzaza matope osachotsedwa, madzi amangodutsa mofulumira n'kutuluka asadayere.

Thanki ya septiki imagwira gawo loyamba lokha la ntchitoyi. Madzi otuluka mmenemo amakhala akadali ndi tizilombo ndi amoniya, choncho malo ake ndi dzenje lomwetsera m'nthaka, osati ngalande ya mumsewu.

Matope otsalira: manyowa kapena chiphe

Zomwe zachotsedwa m'madzi zimaunjikana m'matope a pansi pa dziwe, thanki kapena dzenje la chimbudzi. Matopewa ali ndi nayitirojeni ndi fosiforasi zomwe mlimi amagula modula m'thumba la feteleza. Koma alinso ndi mazira a njoka za m'mimba, omwe ali ndi chikhungwa cholimba ndipo amatha kukhala ndi moyo m'nthaka kwa miyezi yambiri ngakhale zaka.

Pali njira zitatu zodziwika zowasandutsira manyowa osaopsa. Yoyamba ndi kuwayanika ndi kuwasunga kwa chaka kapena ziwiri. Yachiwiri ndi kuwasakaniza ndi mapesi kapena udzu pamulu womwe umatentha kupyola madigiri 50 kwa sabata kapena kuposerapo. Yachitatu ndi kuwathira laimu wambiri, yemwe amapha tizilombo ndi ukali wake. Zimbudzi zamaenje awiri zomwe mabungwe akhala akulimbikitsa m'midzi zimatsata nzeru yomweyi: pothira phulusa ndi dothi munthu akadzithandiza, ndi kutseka dzenje lodzaza kwa chaka, chotuluka chimakhala chouma ndi chosanunkha.

Zitsulo monga mtovu ndi cadmium sizitheka ndi dzuwa, laimu kapena nthawi. Batire kapena oilo woponyedwa m'chimbudzi amaipitsa manyowa onse a m'dzenjemo, ndipo zitsulozo zimatha kulowa m'masamba odyedwa. Matope osakonzedwa sayenera kuthiridwa m'dimba la ndiwo zodyedwa zosaphika, ngakhalenso kukhuthulidwa m'dambo ndi galimoto zopopa matanki.

Mtengo wa kulekerera ndi zomwe malamulo akunena

Mu 1854 dokotala John Snow adaonetsa kuti kolera yemwe ankapha anthu m'dera lina la London ankachokera pachitsime chimodzi cha mumsewu wa Broad Street. Kafukufuku adapeza kuti chitsimecho chidali pafupi ndi dzenje la zonyansa lomwe linkadontha. Zotere zidachitikanso kwathu kuno mu July 2017, pomwe suweji idalowa m'mipopi ya madzi akumwa ku Area 18 mumzinda wa Lilongwe. Mliri wa kolera womwe udayamba mu March 2022 udafika m'maboma onse a dziko lino, udagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700.

Lamulo la za madzi la 2013 lidakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, ndipo limafuna kuti wotayira madzi oipa mumtsinje akhale ndi chilolezo. Lamulo la zachilengedwe la 2017 lidakhazikitsa bungwe la Malawi Environment Protection Authority. Miyeso ya madzi akumwa ndi ya madzi otayidwa imaikidwa ndi Malawi Bureau of Standards. Paboma la Ntcheu madzi a m'mipopi ali m'manja mwa Central Region Water Board, pomwe ukhondo wa m'misika, kophera nyama ndi kotayira zinyalala ndi udindo wa khonsolo.

Akuluakulu adati madzi akatayika saoleka. Chimodzimodzinso naitireti kapena mtovu ukalowa m'madzi apansi, kuuchotsa kumafuna makina odula omwe mudzi sungawakwanitse. Kutalikitsa chimbudzi ndi chitsime, kupopa thanki isadasefukire, kusiya udzu ndi mitengo m'mphepete mwa mtsinje, ndi kupempha kuti madzi a pamjigo ayezedwe mvula yoyamba ikagwa, ndi zinthu zomwe zili m'manja mwa mabanja, mafumu ndi makomiti a madzi.