Kusunga kope la disiki ya kompyuta isanawonongeke

M'kompyuta iliyonse muli disiki imene imanyamula pulogalamu yaikulu yoyendetsa makinawo, monga Windows, macOS kapena Linux. Pa disiki yomweyo pamakhala mapulogalamu ena onse amene mwini wake adaikamo, pamodzi ndi makonzedwe amene adamutengera miyezi kuti akhale mmene amafunira. Disikiyi ikafa, kompyuta imayaka ndithu, koma imangoonetsa uthenga wakuti sikupeza poyambira.

Ma hard disk achikale ali ndi mbale zimene zimazungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, ndipo kachipangizo kowerenga kamayandama pafupi kwambiri ndi mbalezo. Laputopu ikagwa ikugwira ntchito, kachipangizoka kangathe kukanda mbale. Ma SSD alibe chozungulira ndipo amapirira kugwa, koma akamafa samveka phokoso lililonse lochenjeza. Kuthima kwa magetsi pamene disiki ikulemba kumawononganso mafayilo pa mitundu yonse iwiri. Madisiki ali ndi njira yodziyezera okha yotchedwa S.M.A.R.T., imene pulogalamu ngati CrystalDiskInfo imawerenga, komabe ena amafa njirayi ikuonetsa kuti zonse zili bwino.

Anthu ambiri amayesa kuti adziteteza akakopera makalata ndi zithunzi zawo pa flash. Kutero kumapulumutsa mafayilo okha. Pulogalamu ya Windows siikopeka mwanjira imeneyi, chifukwa podzuka kompyuta imadalira tizigawo tobisika ta disiki timene sitioneka potsegula mafoda. Choncho amene adasunga mafayilo okha amayenera kuikanso Windows, kusaka mapulogalamu limodzilimodzi, kukumbukira manambala a malayisensi ndi kugula mabando a intaneti ochuluka. Ku ofesi yaing'ono imene malipiro a antchito amawerengedwa pa kompyuta imodzi, masiku otayika motero ndi okwera mtengo kuposa disiki yatsopano.

Pali njira ziwiri zosungira disiki yathunthu. Yoyamba, yotchedwa clone, ndi kukopera zonse pa disiki ina kuti ikhale mapasa ndi yoyambayo. Ya m'kati ikafa, amangoichotsa ndi kulowetsamo inzakeyo, kompyuta n'kudzuka. Vuto lake n'lakuti kope limakhala limodzi lokha, ndipo ngati vairasi idalowa kale, nayonso imakoperedwa. Yachiwiri, yotchedwa system image, imapanikiza disiki yonse kukhala fayilo yaikulu. Mafayilo otere angapo, a masiku osiyanasiyana, amakwana pa disiki yakunja imodzi, motero munthu amatha kubwerera pa tsiku limene makina adali asanayambe kuvuta. Kwa ambiri njira yachiwiriyi ndiyo yanzeru.

Mu Windows 10 ndi 11, chida chopangira kope lotere chili mu Control Panel, pa Backup and Restore, ngakhale kampani ya Microsoft idaleka kuchiwonjezera zatsopano. Ena amagwiritsa ntchito Macrium Reflect, kapena Clonezilla, pulogalamu yaulere yochokera ku Taiwan imene imagwiranso pa Linux. Pa Mac, Time Machine, imene idabwera mu 2007, imasunga mapulogalamu, makonzedwe ndi mafayilo, pamene macOS yeniyeniyo imaikidwanso kudzera mu Recovery.

Chimene chimaiwalika kawirikawiri ndi flash yodzutsira kompyuta. Kope silingadzibwezeretse lokha pa disiki yopanda kanthu. Pamafunika flash imene makina angayambirepo, ndipo iyenera kukonzedwa kompyuta idakali moyo.

Kumene kope likusungidwa n'kofunika ngati kopelo. Loikidwa pa chigawo china cha disiki yomweyo limafera limodzi ndi disikiyo. Lokhala pa disiki yakunja imene imangokhala yolumikizidwa limafikiridwa ndi mavairasi otseka mafayilo n'kufuna dipo, a mtundu wa WannaCry amene mu Meyi 2017 adasokoneza zipatala za NHS ku Britain. Lokhala m'chikwama chimodzi ndi laputopu limabedwa nayo. N'chifukwa chake akatswiri amatsata lamulo la 3-2-1, limene adalitchukitsa wojambula zithunzi Peter Krogh: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi nyumba kapena ofesi. RAID 1, imene imalemba pa madisiki awiri nthawi imodzi, imathandiza imodzi ikafa, koma fayilo yofufutidwa mwangozi imafufutika konsekonse.

Kope limafunanso kuliyesa. Mu 1998, ku kampani ya Pixar, lamulo lofufuta lidachotsa gawo lalikulu la mafayilo a kanema wa Toy Story 2. Atathamangira ku makope awo adapeza kuti sadali kusungika bwino, ndipo palibe amene adazindikira. Ntchitoyo idapulumuka chifukwa mayi wina wa pakampanipo, amene ankagwirira kunyumba akulera khanda, adali ndi kope pa kompyuta yake. Kuyesa sikulira zambiri: kudzutsa makina ndi flash ija, kuona ngati ikulipeza kope, ndi kutsegulamo mafayilo angapo.

Kope latsopano liyenera kupangidwa makina asanasinthidwe kwambiri, monga posamuka kuchoka pa Windows 10, imene Microsoft idaika 14 Okutobala 2025 kukhala tsiku loleka kuisamalira mwa nthawi zonse. Amene disiki yake ndi yokhomedwa ndi BitLocker asungenso padera kiyi yake ya manambala 48, papepala kapena mu akaunti ya Microsoft, chifukwa kompyuta ingathe kuifunsa pambuyo pa kusintha kotere.